Ndinaphetsa Mlamu Wanga Chifukwa cha Atsekwe

Inu owerenga, pali munthu amene anafa chifukwa cha mawu anga. Sindinagwire mfuti kapena mpeni, ndipo palibe bwalo limene linandizengapo mlandu, koma ndikudziwa kuti mlamu wanga Benardo akanakalamba ngati anzake ndikanatseka pakamwa panga masana amodzi okha. Chinandiyankhulitsa ndi nsanje. Sinali nsanje ya mwamuna kapena ya munda, inali ya atsekwe. Mwina wina aseka akamva zimenezi, ndipo sindimudzudzula, chifukwa inenso ndikamaganiza ndimaona kuchepa kwake kwa chinthu chimene ndinawonongera banja la anthu. Ndakalamba tsopano, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndinene ndekha mmene zinayendera, kuti wina amene mtima wake wayamba kutentha ngati mmene unkatenthera wanga adziyang'ane kusanade.

Nthawi imeneyo nkhondo inali itangofika kumene kwathu ku Chifunde. Boma linali litatichotsa m'midzi yathu yakale n'kutisonkhanitsa m'aldeya, mudzi waukulu wa nyumba zondandalika m'mizere, chakufupi ndi Nsadzo. Amuna anga anamanga mumzere umodzi ndi mng'ono wawo Benardo. Nyumba yathu inali mkati mwa mzere, ya Benardo inali yomalizira, kumbali ya dambo. Mkazi wa Benardo anali Filomena, wamng'ono kwa ine ndi zaka zingapo, wofatsa, woseka msanga. Ndi iye amene ananyamula mwana wanga Rozita pa ubatizo, choncho tinkaitanana kuti akomadre. Tinkasinja pa mtondo umodzi, kutchalitchi tinkakhala mphasa imodzi.

Ine ndinkadziwika ndi nkhuku. Munthu akafuna msoti woti ayambire khola, ankamulozera kwa ine. Kukakhala ukwati kapena maliro, tambala ankachokera kwa ine. Ndinkadziwa mankhwala a chitopa amene amayi anga anandiphunzitsa, ndipo amayi anzanga akabwera kudzafunsa ndinkawayankha pang'onopang'ono, kuti aone kuti nzeru zili pano. Ulemu umenewu ndinkaukonda kuposa nyama ya nkhukuyo.

Filomena anabwera m'banjamo ndi atsekwe atatu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri. Bambo ake ankaphikira Mpwitikizi wina wa loja, ndiye kuti sitolo, ndipo mzunguyo pochoka anawasiyira mbalamezi. Poyamba sindinazitenge ngati kanthu. Ndinkati ndi abakha otalika khosi, aphokoso, oluma ana. Koma m'aldeya muja, mmene anthu ochokera m'midzi yosiyanasiyana anakhalira pamodzi, ambiri anali asanaonepo tsekwe woweta. Anayamba kumaima pa mpanda wa Filomena. Dzira limodzi likaikidwa m'manja mwa munthu, anthu ankalipatsirana ngati chodabwitsa, kulilinganiza ndi mazira atatu a nkhuku. Chaka chachiwiri atsekwe aja anafika khumi ndi anayi. M'mawa uliwonse Filomena ankawatsogolera kudambo kukadya msipu, iwo ali pambuyo pake mondondozana, oyera mbee, ndipo amayi opita kumadzi ankatula mitsuko n'kumaonerera. Njira yopita kwa Filomena inkadutsa pakhomo panga. Anthu ankandipatsa moni akuyenda, osaima.

Chimene chinandibaya kwambiri chinachitika pa chikondwerero china cha kutchalitchi. Apadiri anali atasiya kubwera pafupipafupi chifukwa cha misewu, ndiye atafika ulendo umenewo, aliyense anabweretsa mphatso. Ine ndinanyamula tambala wanga wamkulu wofiira. Filomena anabweretsa mazira awiri okha a tsekwe m'kambale. Apadiri analandira tambala wanga n'kupatsira akatekista osamuyang'ana kawiri, koma mazira aja anawatembenuza m'manja nthawi yaitali, akufunsa Filomena mmene amawetera. Ndinabwerera kunyumba chakudya osachimva kukoma.

Filomena sanali womana. Nyengo yozizira itafika, atsekwe atayamba kuikira, anabwera yekha ndi mazira anayi atakulunga m'kapulana, chitenje chake. Anandiuza kuti ndiwaike pansi pa thadzi lalikulu lofungatira. Anati dzira la tsekwe ndi lolemera, nkhuku siingalitembenuze, choncho ndilembe ndi khala mbali imodzi n'kumalitembenuza ndi dzanja m'mawa ndi madzulo. Anati sabata yomaliza ndiziwaza madzi ofunda pang'ono kuti chikamba chifewe, ndipo ndidikire masiku makumi atatu, osati makumi awiri ndi limodzi ngati a nkhuku. Ine ndinkangoti inde, inde, koma mumtima ndinkati mwana uyu akundiphunzitsa ine za mazira? Ine amene ndinayamba kugogomoletsa nkhuku iye asanamere mano?

Kutembenuza ndinkatembenuza ndikakumbukira. Madzi sindinawaze, ndinkati ndi zachizungu. Atakwana masabata atatu ndinayamba kusuzumira m'chisa kangapo pa tsiku. Tsiku la makumi awiri ndi anayi mtima unandiuza kuti andipatsa mazira osukusa dala, kuti anthu andiseke. Ndinatenga limodzi n'kulimenyetsa pa mwala kuseri kwa khola. Inu owerenga, munali kamwana kamoyo. Kanali kale ndi mlomo ndi timapazi, kanatambasula khosi kawiri pa mwala paja, kenako kanangoti zii. Ndinakafotsera msanga m'phulusa kuti wina asaone. Chifukwa choisokoneza kawirikawiri, nkhuku ija inatsika pachisa osabwereranso, ndipo atatu otsala anafera m'mazira.

Sindinauze munthu zoona zake. Kumadzi ndinkauza amayi anzanga kuti akomadre anandisankhira mazira opanda mbewu. Mawu amenewo anamufika Filomena, koma m'malo mokwiya anandibweretsera tiana tiwiri toswa kale, ta masiku atatu, taubweya wachikasu. Anandichenjeza kuti ndisatilole kunyowa mpaka titamera nthenga, madzi akumwa akhale osaya, m'chigoba, ndipo ndizitiduliratu msipu wanthete n'kusakaniza ndi madeya onyowetsa. Ndinasunga malangizowa masiku awiri. Tsiku lachitatu panabwera alendo pakhomo, ndipo ndinafuna kuti nawonso aime pa mpanda wanga. Ndinadzaza basiya, beseni lathu lochapira, ndi madzi a mumtsuko, m'mawa wozizira, n'kutiikamo kuti aone tikusambira. Alendo anasangalala ndithu. Pofika madzulo tonse tiwiri tinali titafa, titauma gwa.

Amuna anga sanali munthu wolongolola. Anangoyang'ana tianato n'kunena kuti, "Amayi a Rozita, bwanji osapita kwa akomadre anu mukakhale naye masiku angapo, muone mmene amachitira? Uja ali ndi dzanja." Sananene mwachipongwe, koma mawu akuti ali ndi dzanja anandikhala pakhosi miyezi. Kuyambira pamenepo chilichonse cha Filomena chinkandinyansa. Akaseka ndinkati akundiseka ine. Akavala kapulana yatsopano imene anasinthanitsa ndi tsekwe kumalire a Zambia, ndinkati akundionetsa. Atsekwe ake akalira m'mawa podutsa pakhomo panga, ndinkamva ngati akutchula dzina langa. Kumaso ndinkamusekerera, akomadre mwadzuka bwanji, koma ndikagwada kutchalitchi pafupi naye pemphero silinkatuluka.

Chaka chotsatira, nyengo yomweyo ya mphepo, anthu a kutchire, amene ankamenyana ndi boma, anatulukira m'aldeya dzuwa litangotuluka. Amilisiya amene ankatilondera anawombera kawiri katatu n'kuthawa. Ifenso tinabalalika, ine ndi Rozita kumsana tinakabisala m'chigwembe mpaka masana. Titabwerera tinapeza nyumba zambiri za mumzere wathu zapsa. Anthu awiri anaphedwa, ena anatengedwa kukanyamula katundu. Nyumba yathu inatsala makoma, nkhokwe inapsa, ndipo khola langa linali pululu. Nkhuku zonse zimene ndinkanyadira zinapita zitamangidwa miyendo. Inatsala imodzi yokha yamawangamawanga imene inkaikira m'thengo.

Nyumba ya Filomena siinapse. Moto unalekezera patatsala nyumba ziwiri kuti ufike pa yake. Nkhuku zake ndi mbuzi anatenga, koma atsekwe onse anapulumuka, chifukwa iye anali atapita nawo kale kudambo monga mwa masiku onse, ndipo atamva mfuti anawalowetsa m'bango n'kukhala nawo mommo. Madzulo a tsikulo, ife tikufukula phulusa kufunafuna makasu, iye anatulukira ndi atsekwe ake pambuyo, oyera ngati palibe chimene chachitika. Ndinayang'ana khola langa, ndinayang'ana iwo, ndipo chimene ndinamva mumtima sindingachitchule dzina lina koma chidani.

Tinagona kwa iwo masiku amenewo, tikudya ufa wawo. Benardo ndi amene anadula mitengo yokonzera denga lathu n'kulifolera. Patapita masiku asanu, titabwerera m'nyumba mwathu, Filomena anabwera ndi mazira anayi. Anati waona kuti nkhuku yanga yamawanga yayamba kufungatira, ndiye ndiyambirenso pamenepa. Anawalemba yekha ndi khala, anawaika yekha m'chisa, n'kundigwira paphewa.

"Musadandaule akomadre, ulendo uno aswa. Tiziwayang'anira limodzi."

Munthu wabwino akanalira ndi kuthokoza. Ine ndinamva manyazi osanduka ukali. Ine amene ndinkagawira anthu misoti, lero ndikulandira chifundo kwa mwana uyu.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera Zakariya, shefi, ndiye kuti mkulu wa amilisiya. Anthu ankamunena kuti anathawa woyamba, ndipo akuluakulu ake kuposto, kumene kunkakhala asilikali a boma, ankamufunsa kuti adani analowa bwanji osadziwika. Ankayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pali amene akudziwa munthu wodyera limodzi ndi a kutchire. Anakhala pa chitsa pakhomo panga, amuna anga ali kumunda. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa, ngati mmene ananenera ena onse. Koma ndinati, "Ine sindikudziwa kanthu, ashefi. Ndikungodabwa kuti tonse tatsala manja okha, koma ena ziweto zawo zinachoka m'mudzi nthawi yabwino, ndipo moto unadziwa polekezera."

Anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndikunena za kwa Benardo. Ndinakhala chete mwa njira yoti amve kuti inde. Kenako ndinawonjezera kuti ndinamuonapo Filomena kangapo atanyamula mazira kulowera chakuphiri. Zimenezo zinali zoona, koma ndinkadziwa bwino kumene ankapita. Ankapatsira mayi wina wodwala amene anakana kusamukira m'aldeya n'kutsalira kumabwinja. Tsiku lina ndinamuperekeza ndekha. Mbali imeneyo sindinainene.

Ndikufuna ndisadzinamize pamaso panu. Zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinkangofuna amulande atsekwe basi, kuti tifanane. Mwina ndi zoona kuti ndi zimene ndinkalakalaka. Koma sindinali mwana. Ndinkadziwa zimene zinkachitikira munthu wonenedwa kuti amadyetsa a kutchire. Ndinadziwa, ndipo ndinayankhulabe.

M'mawa mwake anabwera asilikali kuchokera kuposto. Anamutenga Filomena ali pa njira ya kudambo, Benardo anamutsitsa pa denga la nyumba ina imene ankathandiza kufolera. Ana awo awiri anatsala akulira pabwalo, ndipo ndi ine amene ndinawanyamula kupita nawo kwathu. Atsekwe anawathamangitsa m'mudzi monse, kuwapotokola makosi n'kuwaponya m'matumba. Wamwamuna wamkulu uja analuma msilikali padzanja, ndipo anamumenya ndi chigunda cha mfuti. Nthenga zoyera zinakhala zikuuluka m'mizere ya nyumba masiku atatu. Amuna anga anatsatira mpaka kuposto kukachonderera, koma anawabweza pachipata n'kuwauza kuti akalimbikira alowa nawonso.

Masiku amenewo ndinasamala mazira aja kuposa mmene ndinasamalirapo chinthu chilichonse. M'mawa ndi madzulo ndinkanyamula nkhuku pang'onopang'ono, kutembenuza dzira lililonse kuti chizindikiro cha khala chimene analemba Filomena chipite pansi, mawa lake chibwere pamwamba. Sindikudziwa ngati kunali kulapa kapena dyera. Ndikuganiza kuti zinali zonse ziwiri. Ana ake ankandifunsa kuti amayi abwera liti, ine n'kumati mawa.

Filomena anabwerera patapita masiku asanu ndi anayi, akuyenda yekha. Anali atamumanga manja kumbuyo ndi chingwe mpaka zigongono kugundana, n'kumusiya choncho nthawi yaitali. Mabala a chingwe anapola, koma zala zake sizinabwererenso. Zinauma zitapindika, moti sankatha kugwira chikho kapena kumanga mwana kumsana. Benardo sanabwere. Tinamva kuti pofuna kuti amasule mkazi wake, anavomera kuti ndi iye amene amadziwa kumene a kutchire amakhala. Anamutenga kuti akawalozere. Munthu sangaloze malo amene sakuwadziwa. Anayenda nawo m'mapiri masiku awiri, ndipo asilikali anabwerera okha. Mpaka lero palibe amene akudziwa pamene anagona. Tinalira maliro opanda mtembo, ndipo ine ndinalira mokweza kuposa onse.

Sabata yomaliza ndinawaza madzi ofunda monga anandiphunzitsira. Tsiku la makumi awiri ndi asanu ndi anayi ndinamva kulira kwapansipansi m'kati mwa dzira. Chikamba chinabooka pang'ono, ndipo ndinagwira mtima osathandizira. Tiana ta atsekwe tinatenga tsiku lathunthu ndi theka kuti tituluke, tonse tinayi, tonyowa, kenako touma n'kukhala tachikasu. M'aldeya monse munalibenso tsekwe wina koma anga. Anthu anayamba kuima pa mpanda wanga. Mayi wina ananena kuti tsopano dzanja lasamukira kwa ine. Chimene ndinachifuna zaka zitatu ndinali nacho, ndipo ndikationa tikudya msipu ndinkayang'ana kumbali.

Amuna anga anamva zimene ndinachita kwa Zakariya yemweyo. Anakumana pa mowa, ndipo amuna anga atamufunsa chifukwa chimene anaphetsera mng'ono wawo wosalakwa, iye anayankha pamaso pa anthu kuti akafunse kunyumba kwawo. Anabwera dzuwa likupendeka, ine ndikupeta. Sanandimenye, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akanandimenya. Anaima patsogolo panga n'kufunsa kamodzi kokha ngati zili zoona. Ndinayamba kunena kuti sindinatchule dzina, kuti ndinangodabwa chabe. Anandidula.

"Denga limene mukugonamo anafolera ndani?"

Analowa m'nyumba, anatenga bulangete ndi nkhwangwa, anapita kukagona kwa msuweni wawo. Kuyambira tsiku limenelo sanadyenso chakudya chophika ine. Ankasamala ana, ankalima munda wa Filomena pamodzi ndi wathu, koma ine ankandilambalala ngati chitsa.

Patapita masiku angapo ndinaika tiana tija mumtanga n'kupita kwa Filomena. Ndinamupeza atakhala pakhonde, mwana wake wamkazi akumumwetsa phala. Anamuuza mwanayo kuti akasewere. Ndinagwada, ndinatula mtanga patsogolo pake, ndinayamba kunena kuti atsekwewa ndi ake. Pamene ndinkafuna kuyamba zinazo, anandiuza kuti ndisavutike, akudziwa. Anati kuposto ankamubwerezera mawu anga mmene ndinawanenera, za moto wodziwa polekezera, za mazira opita kuphiri, ndipo munthu amene ankadziwa za mazirawo anali mmodzi yekha. Anayang'ana mumtanga nthawi yaitali. Kamodzi kanatukula mutu n'kumajompha chala chake chopindika chija.

"Akula bwino," anatero. "Tengani, muziweta. Ine ndiwagwira ndi chiyani?"

Ndinalira, ndinati akomadre ndikhululukireni. Anandiyang'ana osakwiya, osalira, n'kunena motsitsa mawu kuti Rozita adzakhalabe mwana wake wa ubatizo mpaka imfa, koma ine ndisadzamutchulenso dzina limenelo. Za kukhululuka anati akapempha Mulungu amuthandize, chifukwa pakali pano sakuona pamene angayambire. Ndinanyamula mtanga wanga n'kubwerera.

Mvula isanagwe, abale ake anabwera kudzamutenga iye ndi ana, anawolokera ku Zambia. Sipanapite nthawi, nkhondo inakula moti aldeya yonse inabalalika. Ifenso tinathawa. Atsekwe anayi aja ndinawatsegulira khola n'kuwasiya, sindikudziwa amene anawadya. Amuna anga anatiperekeza mpaka kumsasa wa othawa nkhondo, anaonetsetsa kuti talembedwa, kenako anapita kwina. Anakwatira mkazi wina kumeneko ndipo anamwalirira komweko. Filomena sindinamuonenso. Ndinkamva kuti ali kumsasa wina, ndipo kangapo ndinakonzeka kupita, koma sindinapite. Mtendere utabwera ndinabwerera ku Chifunde ndi ana anga. Iye sanabwerere, ndipo kenako tinamva kuti anamwalira.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyi inathera pamenepo, popeza amene ankaidziwa ambiri anali atafa kapena kubalalika. Koma zaka zingapo zapitazo kunafika bambo wina pa njinga yamoto, wamtali, wa mapewa ngati a Benardo. Anali mwana wawo wamwamuna, amene ndinamunyamula pabwalo tsiku lija. Anagwada n'kundipatsa moni kuti amayi aakulu. Anandibweretsera shuga, sopo amene ife timati sabau, ndi kapulana. Anati wabwera kudzaona kwawo kwa bambo ake, ndipo amayi ake asanamwalire anamuuza kuti akadzafika adzandifunefune, chifukwa ndi ine amene ndinawasunga iye ndi mlongo wake masiku amene makolo awo anali kuposto. Ndinamufunsa ngati amayi ake ananenapo china chokhudza ine. Anati ayi, koma kuti ndinali katswiri wa nkhuku.

Filomena anakhala zaka zonsezo akudyetsedwa ndi ana ake chifukwa cha manja aja, ndipo sanawauze amene anachititsa. Ndinamuphera nkhuku mlendoyo, ndinaphika, ndinamuikira madzi osamba m'manja. Akudya anandifunsa funso limene anabwerera. Anati moyo wake wonse wakhala akufuna kudziwa munthu amene ananamizira bambo ake, osati kuti abwezere, koma kuti asiye kukayikira aliyense wa kuno. Ndikanatha kutchula Zakariya, amene anali atafa kale. Palibe akananditsutsa. Ndinakhala pansi patsogolo pake n'kumuuza zonse, kuyambira pa tambala wofiira mpaka pa chitsa chimene anakhalapo shefi.

Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anasamba m'manja chakudya chisanathe. Kenako anafunsa kuti, "Atsekwe, amayi aakulu? Basi atsekwe okha?" Ndinati inde. Anagwedeza mutu, anaimirira, anandilawira mwaulemu wonse monga anaphunzitsidwira, anakwera njinga yake n'kupita. Mphatso zake anazisiya. Sanabwerenso, ndipo sindimuyembekezera.

Inu owerenga, nkhondo inatha, ndipo mwina mukuganiza kuti masiku ano mawu a munthu sangaphe mnzake. Musadzinamize. Lero munganene kuti mnzanu ndi mfiti chifukwa chimanga chake chabereka, kapena kuti ndi wakuba chifukwa wagula malata, ndipo pali anthu okonzeka kuchitapo kanthu pa mawu anuwo kuposa mmene inu mumafunira. Mukawatulutsa simungawauzenso polekezera. Ine ndinayamba kalekale tsiku lija lisanafike. Ndinayamba pamene ndinakana kuphunzira kwa wamng'ono, pamene ndinafotsera kamwana ka tsekwe m'phulusa n'kunamizira amene anandipatsa. Ndikanavomera tsiku lomwelo kuti ndaswa dzira ndekha chifukwa chosaleza mtima, tikanaseka awiri, ndipo akanandipatsa ena.

Choncho mukaona kuti zabwino za mnzanu zayamba kukuwawani, musadikire kuti zithe zokha, sizitha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, ngakhale zikuchititseni manyazi. Pitani kwa mnzanuyo mukamufunse mmene amachitira, ndipo akakuuzani muchite momwemo. Munthu waudindo akadzakhala pakhomo panu n'kufunsa za mnansi wanu, nenani zimene mukudziwa zonse kapena musanene kanthu, chifukwa ine sindinapeke bodza lalikulu, ndinangonena theka la zoona n'kubisa theka linalo. Ndinaulula kwa apadiri ndipo anandiuza kuti Mulungu wandikhululukira. Ndikukhulupirira. Koma pali ana awiri amene anakula opanda bambo, akusambitsa ndi kudyetsa mayi wawo, ndipo palibe kulapa kwanga kumene kunawabwezera ngakhale tsiku limodzi.